Kasupe wa Zulmira

Nthawi inali itangopitirira seveni koloko m'mawa, kunja kuli kachisanu kouma ka mwezi wa Ogasiti. Mvula inali italeka miyezi itatu m'mbuyomo, ndipo mapiri a kumpoto kwa Belo Horizonte sankaoneka bwino chifukwa cha fumbi ndi utsi. Ndinali nditangothira khofi m'kapu pamene ndinamva munthu akuomba m'manja pageti.

"Aphunzitsi! Muli moyo, kapena tikaitane ansembe?"

Anali Dona Efigênia. Mayi ameneyu anachapa zofunda za odwala pachipatala kwa zaka makumi atatu, ndipo atapuma pantchito anasowa chochita ndi mikono yake, ndiye anayamba kutsogolera gulu lathu la anthu osamalira akasupe a m'dera lino. Tilipo khumi ndi anayi, ambiri ndife okalamba, ndipo palibe amatilipira. Loweruka lililonse timatola zinyalala m'makwawa, timabzala mitengo, timakangana. Ine ndinalowa m'gululi mkazi wanga Zulmira atamwalira, chifukwa dzina lake linali pamndandanda ndipo Dona Efigênia anakana kulifufuta popanda wolowa m'malo.

Tsiku limenelo sanabwere okha. Kumbuyo kwawo kunali mtsikana wovala jombo, atanyamula kabokosi ka pulasitiki.

"Uyu ndi Gleiciane, katswiri wa ku komiti yoyang'anira mtsinje wa Onça. Za madzi anaphunzira mpaka ku yunivesite. Mpatseni khofi, musamuyang'ane ngati wabwera kudzadula magetsi."

Nkhani inali yotere. Kuseri kwa nyumba yanga, m'munsi mwa khoma la miyala, mumatuluka madzi. Zulmira anawapeza chaka chimene tinagula malowa, kali kachinyontho chabe, ndipo anawasamalira kwa zaka 26. Anakumba kadziwe, anayala miyala m'mbali, anabzala koko, nthochi ndi mtengo wa jabuticaba. Madziwo akadzaza kadziweko amasefukira pansi pa mpanda n'kutsika ndi kanjira kodutsa pakati pa nyumba za anthu, mpaka kukalowa m'khwawa kumunsi. Anthu a m'kanjirako anatopa ndi matope ndipo anakadandaula ku khonsolo. A khonsolo anayankha kuti mu Okutobala adzabwera kudzakwirira kadziweko, kulowetsa madziwo m'paipi ya pansi, n'kuthira simenti kanjira konse. Chinthu chimodzi chokha chikanawaletsa. Komiti ikanalemba malowo m'kaundula wa akasupe enieni, lamulo silikanawalola kuwakwirira. Choncho Gleiciane anabwera kudzaona ngati ndi kasupedi, kapena ndi paipi ya kampani ya madzi imene ikuchucha pansi.

Tinapita kuseri tonse atatu. Mtsikanayo anagwada pamiyala, anaviika dzanja m'madzi, anayang'ana m'munsi mwa khoma kwa nthawi ndithu. Tinsomba ting'onoting'ono timene Zulmira anaika kuti tizidya mphutsi za udzudzu tinathawira pansi pa masamba a koko.

"Mwabweretsa adokotala a achule?"

Mawuwo anachokera pamwamba pa mpanda. Anali Valdivino, wa nyumba yoyamba m'kanjirako, amene amagulitsa gasi wophikira pa njinga yamoto. Ndiye anayendetsa pepala la dandaulo khomo ndi khomo. Sindinamuimbe mlandu. Mayi ake, a zaka 88, anaterereka pamatopepo mu Malichi n'kuthyoka mkono.

"Iwe Valdivino," anatero Dona Efigênia, "kasupeyu anali pano agogo ako asanaphunzire kuvala nsapato."

"Kasupe wanji, Dona? Uwu ndi mpopi. Mpopi woiwala kutseka."

"Pakamwa pakopo ndiye pamene anaiwala kutseka."

Gleiciane anatunga madzi m'kabotolo kagalasi, n'kuponyamo kapiritsi koyera. Anati madziwo akafiira ndiye kuti muli kolorini, mankhwala amene kampani imathira m'madzi akumwa. Anakhutchumula kabotoloko n'kukakweza m'mwamba kuti tonse tione, ngakhale Valdivino pampandapo. Madziwo anakhala oyera mbee.

Dona Efigênia anachita chizindikiro cha mtanda, kenaka analoza Valdivino ndi chala. "Waona? Kagulitse gasi wako!"

"Musafulumire, mayi," anatero Gleiciane. "Dothi limadya kolorini. Madzi a m'paipi akayenda m'dothi mtunda wautali amafika opanda chizindikiro. Apa sitinadziwe kanthu."

Kenaka anafotokoza njira ina. Lachiwiri ndi Lachitatu sabata yotsatira, kampani inali italengeza kuti itseka madzi paphiri lathu lonse kuti ikonze chithanki cha pamwamba. Paipi ikakhala yopanda madzi siingachuche. Ngati madzi a kuseri kwathu ndi a kasupe, adzapitiriza kutuluka monga mwa masiku onse. Ngati ndi a paipi, adzaphwa. Pankafunika munthu woti azitchinjiriza ndowa ya malita khumi pamene madzi amagwera m'kadziwe, maola awiri alionse, n'kulemba mphindi zimene ndowayo yatenga kuti idzaze.

"Ine ndili ndi malo oposa makumi anayi oti ndiwayendere mwezi uno," anatero. "Sindingakhale pano masiku awiri. Paja munali mphunzitsi wa chiyani, bambo?"

"Masamu."

"Basi, ntchito yapeza mwini wake."

Anandisiyira kope latsopano ndi pensulo. Wotchi ndinali nayo yanga.

Atachoka ndinakhala pabenchi pansi pa jabuticaba, khofi atazizira. Pali chinthu chimene sindinawauze, ndipo ndinali ndisanauzepo munthu.

Zaka zisanu zoyamba madziwo anali ochepa, ongokwanira kunyowetsa dothi. Chaka chachisanu ndi chimodzi anachuluka mwadzidzidzi. Zulmira anati ndi mitengo yake yayamba kuitana madzi, ndipo anasangalala kuposa mmene ndinamuonerapo. Tinalibe ana, ndipo nkhani ya ana tinali titasiya kuikamba. Koma chaka chomwecho ndi chimene anathira phula mumsewu wa kumtunda kwathu, ndipo zimagalimoto zolemera zinakhala zikudutsapo miyezi itatu. Patapita nthawi ndinaona chinanso. M'mamawa, anthu asanadzuke, madziwo ankathamanga mwamphamvu. Madzulo, anthu akaweruka n'kuyamba kusamba ndi kuphika, ankachepa pang'ono. Lamlungu masana, nthawi yochapa, ankachepanso. Kasupe sadziwa nthawi imene anthu amasamba. Munthu amene waphunzitsa masamu zaka 31 sangalephere kuona zotero. Ndinaona, ndipo ndinatseka pakamwa. Zulmira ankabweretsa ana asukulu kudzaona kasupe wake, ankawamwetsa madziwo m'kapu yachitsulo, ine ndili pakhonde ndikuchonga mayeso.

Lolemba ndinayeza kasanu ndi kamodzi kuti tidziwe poyambira. Ndowa inkadzaza pa mphindi zinayi, nthawi zina kuposerapo masekondi makumi awiri. Madzulo ake anthu onse anali kalikiliki kudzaza mathanki a padenga, mabeseni, mapoto ndi mabotolo.

Lachiwiri madzi anatsekedwa sikisi koloko m'mawa. Eyiti koloko ndowa inadzaza pa mphindi zinayi ndi theka. Teni koloko, zisanu. Masana, zisanu ndi ziwiri. Ndinalemba, ndinaphika mpunga ndi nyemba, ndinadya nditaimirira. Folo koloko inali mphindi khumi ndi ziwiri, ndipo phokoso la madzi, limene ndakhala ndikulimva kuchipinda kwa zaka makumi awiri, linali litasintha. Linali ngati la munthu akutsanula tiyi.

Lachitatu m'mawa mathanki a anthu ena anali atauma kale, makamaka nyumba za ana ambiri. Anayamba kuomba m'manja pageti, ali ndi ndowa. Sindinabweze aliyense, Zulmira sankabweza. Ndinangowapempha kuti azitunga m'kadziwe, asamatchinjirize pamene ine ndimayezera. Valdivino anabwera cha m'ma naini ndi zigubu ziwiri, akuyang'ana kumbali.

"Ndi a kuchimbudzi chabe, aphunzitsi. Amayi sangadikire mpaka mawa."

"Tunga."

Atatunga anaima n'kuyang'ana madzi amene ankagwera mundowa yanga. Anali ataonda ngati chingwe cha nsapato.

"Akuphwa, eti?"

"Akuchepa."

Ndinkadikira kuti aseke. Sanaseke. Anakanda m'khosi n'kunena kuti Dona Zulmira ankapatsa mayi ake masamba a koko Lachisanu lililonse, ndipo kuti iye kadziwe alibe nako chifukwa, vuto ndi matope basi. Ananyamula zigubu zake napita.

Dona Efigênia anafika teni koloko ndi timabanzi ta tchizi m'kansalu, tikadali totentha. Anandipeza nditagwada, wotchi ili m'manja. Anaima pambali panga mpaka ndowa inadzaza.

"Zingati?"

"Mphindi 23."

"Lolemba zinali zingati?"

"Zinayi."

Anakhala pabenchi mwamphamvu, n'kutenga kope lija. Sadziwa masamu ambiri, koma manambala okwera amawadziwa. Anatembenuza tsamba, anabwerera, analitseka.

"Ndi pensulo iyi," anatero.

"Inde."

"Ndiye kuti imafufutika."

Ndinakhuthulira ndowa ija m'kadziwe.

"Aphunzitsi, tamverani. Mtsikana uja anabwera kamodzi, adzabweranso mawa madzi atatsegulidwa. Adzapeza madzi akuthamanga ngati kale. Chimene adzaone ndi kope ili basi. Lembani zinayi, zinayi ndi theka, zisanu. Ndani adzadziwe? Achule?"

"Valdivino waona."

"Valdivino alibe wotchi, ndipo ngakhale akanakhala nayo sangawerenge kupitirira mtengo wa gasi. Inu mukudziwa akasupe angati amene akwiriridwa m'dera lino chibwerereni ine? Khumi ndi asanu ndi mmodzi. Ndinawawerenga. Kumene kuli siteshoni ya mabasi kunali madzi amene tinkachapirako. Lero mvula ikagwa, madzi onse amathamangira kumunsi nthawi imodzi, n'kukalowa m'nyumba za anthu a m'mbali mwa Onça. Iwowo akakwirira safunsa munthu. Ife tikanama kamodzi kokha kuti tipulumutse malo amodzi, kumwamba kugwa?"

Zimene ananena za akasupewo zinali zoona. Ndinatenga kope m'manja mwawo, ndinayang'ana manambala anga. Rabala inali kumapeto kwa pensulo. Kufufuta mizere isanu ndi itatu ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo ndikanadziwa kulemba manambala abodza ooneka ngati enieni, osafanana kwambiri, okwera pang'ono madzulo. Ana asukulu anandiphunzitsa zimenezo. Ndinaganiza za anthu a khonsolo akulowa pageti langa ndi mawilibala, akuzula koko, akuponya miyala ya Zulmira m'lole.

"Dona Efigênia," ndinatero, "ine ndakhala ndikudziwa."

"Kudziwa chiyani?"

Ndinawafotokozera za msewu wa phula, za m'mamawa ndi madzulo, za Lamlungu masana. Ndinalankhula mwachidule, ndikuyang'ana ndowa. Anandimvetsera pakamwa pali pululu.

"Zulmira munamuuza?"

"Ayi."

"Zaka makumi awiri."

"Inde."

"Ndiye zaka makumi awiri munakhala chete, madzi a kampani akuthirira nthochi zanu, lero mkazi wanu kulibe ndiye mwasanduka munthu wachilungamo? Bodza linali labwino iye ali moyo, laipa lero pamene likanasunga ntchito yake?"

Kukhala chete ndi kulemba nambala yabodza ndi zinthu ziwiri zosiyana kwa ine, koma sindinganene kuti china n'choyera. Chimene ndikudziwa n'chakuti dzanja langa silikanatha kulemba folo pamene wotchi yanena 23. Mwina si chilungamo, mwina ndi chizolowezi chabe cha munthu wokalamba.

Ndinalemba 23.

Dona Efigênia anaimirira, anakutumula siketi yawo, anasiya timabanzi tija pabenchi.

"Idyani. Ndinaphikira munthu wina, koma idyani."

Anatuluka osatseka geti.

Masana ndowa inadzaza pa mphindi 27. Thu koloko, 29. Folo koloko, 30. Sikisi koloko, dzuwa likulowa, 30 ndi theka. Ndinaona kuti manambalawo ayamba kuyandikana, koma sindinalole mtima wanga kuthamangira kulikonse. Dothi lonyowa limatha kudontha masiku angapo. Lachinayi m'mawa madzi anatsegulidwa, ndipo pofika masana phokoso lakale linali litabwerera kuseri kwa nyumba ngati palibe chachitika.

Gleiciane anabwera madzulo a tsiku lomwelo. Anakhala patebulo la kukhitchini, anawerenga kope lonse, kenaka anatenga pepala n'kujambula mzere wa manambalawo. Ndinali nditajambula kale wanga, koma sindinamuonetse.

"Paipi ikuchucha, zimenezo n'zosakayikitsa," anatero. "Pa malita khumi alionse, pafupifupi asanu ndi anayi ndi a kampani. Ndiyenera kukanena ku kampaniko mawa."

"Ndikudziwa."

"Koma taonani apa." Analoza kumapeto kwa mzerewo. "Akanakhala a paipi okhaokha, mzerewu ukanapitiriza kutsika mpaka pansi. Apa wayamba kugona. Mwina pansi pa madzi a kampaniwa pali ena ochepa amene ndi a phirili. Mwina ayi. Masiku awiri ndi ochepa. Akakonza paipi tidikire masabata atatu, mvula isanayambe. Ngati adzakhale akutulukabe, ndidzalemba."

"Akaphweratu?"

"Ndiye sindidzalemba, bambo. Pepani."

Ananena mosazungulira, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Akutuluka anatembenuka pakhomo. Anati anthu ambiri akapatsidwa kope lotere amabweza manambala okongola kwambiri, ndipo iye amadziwa, koma sangachite nawo kanthu, amangolemba kuti umboni ndi wosakwanira. Sindinamuuze kuti rabala inali pafupi bwanji.

Anthu a kampani anabwera sabata yotsatira. Woyamba anali bambo wina wamfupi dzina lake Edimilson, amene anayenda mumsewu wa kumtunda ndi chipangizo chomvera pansi, zomvera zili m'makutu, akuponda pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa mwana. Anaima pafupi ndi golosale, mamita makumi asanu ndi limodzi kuchokera pakhoma langa, n'kujambula mtanda paphula ndi choko. Atakumba ndinapita kukaona. Mng'alu wake unali wautali ngati chala changa, basi. Pansi pake madzi anali atakumba mphako yoti munthu akhoza kukhalamo.

"Iyi si ya dzulo kapena dzana," anatero Edimilson ali m'dzenjemo. "Iyi yakula ndi ana a anthu. Akumtunda kwenikweni uko akhala akutitukwana kuti mathanki awo sadzaza mpaka masana, ife n'kumati ndi kutalika kwa phiri. Madala, inu ndi a nyumba iti?"

Ndinaloza kumunsi.

"Ya nthochi zonenepa ija?" Anaseka n'kupukuta matope kumaso. "Ndiye zidyeni msanga."

Anthu a kumtunda kwenikweni ndimawadziwa. Ena ndinaphunzitsa ana awo. Zaka zonse zija sindinawaganizirepo, ndinkangoganiza za nkhope ya Zulmira. Ndinabwerera kunyumba kudzera njira yaitali.

Atakonza paipi ija, kuuma kwa kadziwe kunali kwapang'onopang'ono. Tsiku lachitatu kadziwe kanasiya kusefukira, ndipo kanjira ka Valdivino kanayamba kutuwa. Tsiku lachisanu madzi anatsika mpaka miyala ya pansi inaonekera, ndipo ndinawola tinsomba ndi sefa ya kukhitchini n'kutiika m'beseni lochapira. Koko wa m'mbali anagwetsa masamba. Pamene madzi ankagwera kale panatsala ndere zouma. Ndowa sinkagwiranso ntchito, panalibe potchinjiriza. Pansi pa kadziwe pankakhalabe madzi ofika m'kakolo, koma sindinkadziwa ngati ndi atsopano kapena otsalira. Usiku ndinkavutika kugona chifukwa cha bata, ndiye ndinagula kawailesi.

Masiku awiri a Loweruka anadutsa Dona Efigênia osaomba m'manja pageti. Ndinapitabe kukatola zinyalala ndi gulu. Anandipatsa thumba ndi magolovesi osandiyang'ana, n'kunditumiza kumunsi kwa mlatho kumene kumanunkha kwambiri. Ndinapita.

Gleiciane anabwera pakati pa Seputembala, m'mawa wotentha, mitambo itayamba kusonkhana koma isanagwetse kanthu. Dona Efigênia anali naye.

"Sindinabwerere inu," anatero akulowa. "Ndabwera kudzaona maliro."

Mtsikanayo anatsikira m'kadziwe ndi jombo zake. Anapungula madzi otsalawo ndi chitini mpaka pansi panatsala matope okha, kenaka anapukuta miyala ya m'munsi mwa khoma ndi chisanza, n'kukhala chonjuta, akudikira. Ifenso tinadikira. Valdivino anali pampanda.

Pamalo pamene madzi ankatulukira kale panakhala pouma. Koma chakumanzere, pafupi ndi muzu wa jabuticaba, mwala wina unayamba kuda. Kudako kunakula, kunanyezimira, kenaka kadontho kanatsika. Gleiciane anakumba pang'ono ndi zala, anadula kachidutswa ka payipi yothirira maluwa n'kukalowetsa m'mphako, kenaka anatchinjiriza botolo la lita imodzi. Madziwo ankatuluka mochepa kwambiri moti pena ankaoneka ngati aima.

"Wotchi, aphunzitsi."

Botolo linadzaza pa mphindi zitatu ndi masekondi makumi awiri. Anataya, anabwereza. Zitatu ndi masekondi khumi ndi asanu. Anabwereza kachitatu. Anayeza kuzizira kwake, anatunga ena m'kabotolo kokapima, kenaka anatuluka m'kadziwemo n'kukhala pabenchi, fomu ili pabondo.

"Masabata atatu paipi ili yokonza, mvula kulibe miyezi inayi, akutulukabe," anatero. "Ameneyu ndi kasupe. Wamng'ono, koma lamulo silifunsa msinkhu."

Analemba nambala 212 pamwamba pa fomuyo, anandisainitsa, anasainitsanso Dona Efigênia monga mboni. Anati kalata ipita ku khonsolo Lachisanu. Kadziwe sikadzakwiriridwa. Kanjira akhoza kuthira simenti ngati akufuna, koma adzasiye kangalande kotsegula m'mbali ka madzi a nthawi ya mvula.

"Ndiye ine simenti yanga ilipo?" anafunsa Valdivino.

"Ilipo."

"Achule nawonso alipo?"

"Ochepa."

"Basi, aliyense wadya." Anatsika pampandapo, ndipo posakhalitsa tinamva njinga yake ikulira.

Dona Efigênia anasaina pang'onopang'ono, monga amachitira, lilime lili pakona ya mlomo. Atabweza cholembera anayang'ana koko wofota, nthochi zopendekeka, ndi kamadzi kaja kakudontha m'kapaipi.

"Mwawina ndi mwayi, aphunzitsi. Akanaphwa, bwenzi pano mukuyang'ana simenti ndi kope lanu lachilungamolo."

"Zoona."

"Musandivomereze msanga, zimandinyansa." Anawerama, anaviika chala m'madziwo n'kulawa. "Zulmira akanalira kuona munda wake chonchi."

"Akanalira."

"Kenaka akanakutumani kukatenga khasu."

Ndinayang'ana kumbali kwa kanthawi, ndipo iwo anachita ngati akukonza mpango wawo.

Gleiciane anali atatseka kale kabokosi kake. Anati kadziwe kamene kalipo n'kakakulu kwambiri poyerekeza ndi madzi amene atsala, madzi akhoza kumaima n'kuswa udzudzu. Ndibwino kukachepetsa, kukhale ngati beseni, ndi kusamutsira koko pang'ono pafupi ndi chinyontho. Nthochi zambiri zidzafa, ndisiye phata limodzi kapena awiri. Anayang'ana foni yake n'kunena kuti ali ndi malo ena awiri oti afikeko nkhomaliro isanakwane, amodzi ali kuseri kwa garaja kumene mwini wake amathira oilo. Dona Efigênia anati akumudziwa bambo ameneyo, ndipo apita nawo kuti akamuuze mawu awiri.

"Loweruka seveni koloko, pamlatho," anandiuza ali pageti. "Mubwere ndi magolovesi anu, ndatopa kukubwerekani."

Atapita ndinavula wotchi n'kuiika pazenera. Ndinatenga khasu ndi wilibala m'kanyumba ka zipangizo, ndinapinda thalauza mpaka m'mawondo, n'kutsikira m'matope. Miyala ya m'mbali inali yolemera kuposa mmene inkaonekera. Ndinayamba ndi ya kumanja, kuinyamula umodziumodzi n'kuiyala pafupi ndi muzu.